Mfuti Yaing'ono ndi Mangawa a Mlenje

Pakati pa alenje a ku Ulaya ndi a ku America pali mau amene amamvekamveka anthu akakhala pamoto ndi kukamba za uzimba. Iwo amati cimene cimapha nyama si kukula kwa cipolopolo ai, koma malo amene cipolopoloco cagwera. Mau amenewa ngoona, ndipo palibe mlenje wozolowera thengo amene angawatsutse. Komatu mau oona akalowa m'khutu la munthu wopupuluma amasanduka msampha. Mnyamata amene wangogula kamfuti kace akamva zimenezi amanena mumtima mwace kuti, "Ngati ndi tero, mfuti iri yonse ikwana, malinga munthu ali nalo diso." Tsono funso loyenera kuliganizira bwino ndi ili: kodi nkwabwino kuti munthu alase nyama yaikulu ndi mfuti yaing'ono pokhulupira luso lace lokha? Nanga lusolo likalephera, mlandu ukhala pa yani?

Nyama imene alenje aja amakangana nayo kwambiri ndi ija Angerezi amaicha deer. M'thengo la Zambia mulibe nyama imeneyi, koma maonekedwe ace ndi makhalidwe ace afanana ndi a gwape, mbawala ndi nswala. Kusiyana kwace kwakukulu kuli pa nyanga. Amphongo a mitundu yambiri ya deer ali ndi nyanga za mphandamphanda ngati nthambi za mtengo, ndipo zimagwa caka ndi caka, zina ndi kumera. Pamene nyanga za nswala zikhala zomwezo kufikira imfa. Ku Britain kuli mitundu ingapo. Kuli muntjac, kanyama kosaposa gwape msinkhu. Kuli roe, imene imalemera mapaundi 40 kufikira 60. Ndipo ku mapiri a Scotland kuli red deer, imene yamphongo yace imapitirira mapaundi 200.

Mfuti zimachulidwa maina monga mwa kukula kwa cibowo cace. Akati mfuti ya .22, ndiko kunena kuti cibowo cace cikwana magawo 22 mwa magawo 100 a inchi imodzi. Kulemera kwa cipolopolo amakuyesa ndi kamuyeso kochedwa greni, ndipo magreni 7,000 ndiwo apanga paundi imodzi. Mphamvu imene cipolopolo cituruka nayo amaiyesa ndi muyeso wochedwa foot-pound, ndiyo mphamvu yokweza paundi imodzi kutalika kwa phazi limodzi. Kamfuti ka .22 Long Rifle, kamene kanayamba kugulitsidwa m'caka ca 1887 ndipo anthu amaphera akalulu ndi mbalame, kamaponya cipolopolo ca magreni 40, ndipo mphamvu yace kawirikawiri siifika 150. Mfuti ya .303, ija asilikali anamenya nayo nkhondo ziwiri zazikulu, imaponya cipolopolo ca magreni 174 ndi mphamvu yofika ngati 2,400. Pakati pa ziwirizi pali zina za cibowo cacing'ono koma za onga wambiri, monga .222 Remington ya m'caka ca 1950, imene iponya magreni 50 ndi mphamvu yopitirira 1,000. Motero mau akuti mfuti yaing'ono aphatikiza zinthu zosiyana kutari, ndipo munthu wosazindikira ici walakwa kale asanaturuke m'nyumba.

Cipolopolo cimapha mwa njira ziwiri zokha. Yoyamba ndiyo kuononga bongo kapena pfupa la msana kufupi ndi mutu, ndipo apo nyama igwa pomwepo. Yaciwiri ndiyo kuboola mtima, mapapo, kapena mitsempha yaikulu ya mwazi, kotero kuti mwazi utayika msanga, bongo usowa mwazi, nyama ndi kukomoka. Palibe njira yacitatu. Mkokomo wa mfuti suupha, ndipo bala la pa mnofu wokha, ngakhale likule cotani, liribe imfa ya msanga.

Cifukwa ca ici alenje odziwa amalinga pa cifuwa. Nyama ikaima copingasa, kuonetsa nthiti zace zonse, mlenje amatsata ndi diso mzere wa kumbuyo kwa mwendo wamwamba, kukwera nao kufikira gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuyambira pansi pa nganga. Pamenepo pali mtima, ndipo pamwamba pace ndi m'mbali mwace pali mapapo. Pa nyama yaikulu malo amenewa akula ngati mbale yodyera nsima. Pa roe angafanane ndi cikhato ca munthu wamkulu. Ubwino wa malowa ngwakuti amakhululukira. Cipolopolo cikakwera pang'ono cipeza mapapo, cikatsika pang'ono cipeza mtima, cikapita kumbuyo pang'ono cipeza ciwindi. Nyama yolasidwa pamenepa imadumpha ndi kuthamanga mayadi 50 kapena 100, nigwa yakufa nthawi isanapite. Ikaima cofulatira pang'ono, mlenje amalinga ngati afuna kuthyola mwendo wamwamba wa mbali inayo, kuti cipolopolo cidutse pakati pa cifuwa. Koma ikaima copenya kwa iye, pfupa la phewa limachinga mtima, ndipo cipolopolo copepuka cingathe kusweka pa pfupalo osafika m'kati. Ikafulatira kweni kweni, palibenso polasa. Alenje amene asaka kuno ndi ku Ulaya komwe amacenjeza kuti nyama za mu Africa ziri ndi mtima patsogolo pang'ono, pakati pa mapewa, kotero kuti wolinga kumbuyo kwambiri amalasa cifu.

Mwini mfuti yaing'ono, podziwa kuti cipolopolo cace ncofooka, amakopeka kulinga pamutu kapena pakhosi. Maganizo ace amaoneka ngati anzeru: nyama igwa pomwepo, mnofu suonongeka, ndipo kukapanda kutheka cipolopolo cipita padera. Koma akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Bongo wa nyama zimenezi suposa lalanje laling'ono, ndipo mutu ndico ciwalo cosakhazikika koposa zonse. Nyama imaweramira msipu, nidzutsa mutu, nipotoloka kumvera kamphepo. Cipolopolo cikatsika mainchi awiri sicipita padera ai, cimaswa nsagwada. Nyama yotere ithamanga ndi miyendo yace inai yamphumphu, ndipo palibe munthu angaipeze. Idzafika pamadzi koma osatha kumwa bwino, idzaima pa msipu osatha kudya, nchenche zidzaikira mphutsi pa bala, ndipo idzafa ndi njala patapita masiku ambiri. Pakhosi napo ndi cimodzimodzi. Pfupa la m'khosi nlopyapyala, ndipo cipolopolo cikaliphonya cimang'amba kholingo kapena m'mero. Nthawi zina cimangokhudza nsonga ya pfupa, nyama ndi kugwa ngati yafa. Mlenje ali kusekerera, iyo idzambatuka ndi kulowa m'thengo.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Mfuti yaikulu siisandutsa mlenje woipa kukhala wabwino. Nyama yolasidwa m'matumbo ndi.303 imabvutika ndithu. Koma cimene mfuti yokwana ipatsa munthu ndi danga la kulakwa pang'ono popanda kuononga. Cipolopolo colemera, ca nsonga yofewa imene imafutukuka m'thupi, cimathyola phewa ndi kupitirira, cimaturuka mbali inayo, ndipo cimasiya mwazi wambiri pa udzu woti munthu aulondole. Cipolopolo copepuka cimakankhidwa ndi mphepo, cimapatuka cikakhudza kanthambi kapena phesi la udzu, ndipo kawirikawiri cimatsalira m'thupi, kusiya kabowo kamodzi kamene ubweya ndi mafuta zimatseka. Tsono wosankha mfuti yaing'ono wacepetsa danga lija mwa kufuna kwace. Ndipo munthu ali yense amalakwa: dzanja limanjenjemera, mtima umagunda, mtunda umanyenga maso, nyama imasuntha pa kamphindi komweko kamene cala cikhethemula. Kulakwa kumeneku mlenje sakulipira ndiye. Iye abwerera kumudzi, nadya nsima yace ndi ndiwo zamasamba, nagona. Wolipira ndi nyama ija yagona m'zitsamba. Munthu ali ndi ufulu wocita juga ndi cuma cace, koma kucita juga ndi ululu wa cinthu cina camoyo ndi nkhani yina.

Okonda mfuti zazing'ono ali ndi mboni yao yaikulu, ndiye W. D. M. Bell wa ku Scotland, amene anthu anamucha Karamojo Bell cifukwa ca kusaka kwace m'dziko la Karamoja ku Uganda. Munthu ameneyu anapha njobvu zoposa 1,000, ndipo zambiri mwa izo anazipha ndi mfuti ya .275, imene alenje anzace ankaiyesa yocepa kwambiri pa njobvu. Atakalamba ndi kubwerera kwao, ankalasa red deer ndi mfuti ya .220 Swift. Iye anamwalira m'caka ca 1954, koma dzina lace limachulidwabe pali ponse pamene pabuka mkangano uwu. Anthu amati, ngati Bell anagwetsa njobvu ndi kamfuti kotere, nanga gwape ndi ciani?

Koma ochula dzina la Bell amaiwala mtengo umene iye analipira. Anatenga mutu wa njobvu, naugawa pakati ndi sowo, kuti aone ndi maso ace pamene bongo ukhala, ndi njira imene cipolopolo ciyenera kudzera kucokera mbali iri yonse. Anakhala m'thengo zaka zambiri, mfuti iri m'manja tsiku ndi tsiku, ndipo ankasendera pafupi kwambiri asanaombere. Mbiri yace siphunzitsa kuti mfuti yaing'ono ikwanira munthu ali yense. Iphunzitsa kuti mfuti ikacepa, cidziwitso ciyenera kukula koposa. Munthu amene asaka kawiri kapena katatu pa caka, amene sanatumbulepo nyama ndi colinga coona m'mene ziwalo zace zikhalira, akadzifanizira ndi Bell wabwereka dzina la mwini osabwereka thukuta lace. Safunsa anadya phula.

Maiko ena anaona kuti nkhani iyi siingasiyidwe m'manja mwa mlenje yekha, popeza palibe munthu amadziyesa yekha wosatha. Ku England ndi Wales lamulo la m'caka ca 1963 linaletsa kulasa deer ndi mfuti ya cibowo cocepera .240, kapena ya mphamvu yosafika 1,700. M'caka ca 2007 analimasula pang'ono, nalola mfuti za .22 za onga wambiri pa mitundu iwiri yocepetsetsa, muntjac ndi Chinese water deer, malinga cipolopolo cikwana magreni 50 ndi mphamvu ya 1,000. Ku Scotland lamulo la 1985 linalola muyeso womwewu pa roe, koma pa nyama zazikulu linafuna cipolopolo colemera koposa. Motero mfuti ija Bell ankaphera red deer m'mapiri a kwao, lero siikwana muyeso wa lamulo pa nyama zomwezo. Ndipo kamfuti ka akalulu kaja sikaloledwa kusakira deer wa mtundu uli wonse m'maiko amenewa.

Wina angafunse kuti, kodi si kupanda cilungamo kumanga katswiri ndi cingwe comangira wophunzira? Pali coonadi m'dandaulo limeneli, pakuti alipodi anthu amene angaphe bwino ndi mfuti imene lamulo likana. Koma lamulo silingaone m'mtima mwa munthu kapena m'dzanja lace. Liona mfuti yokha. Ndipo ngati katswiri aloledwa, onse odziyesa akatswiri adzatsata mapazi ace, ndipo iwo ndiwo ambiri. Katswiri weni weni ataya kanthu kakang'ono pomvera lamuloli, pamene nyama zambirimbiri zipulumuka ku imfa yowawa. Komanso lamulo lingoika malire a pansi. Munthu angathe kukhala ndi mfuti yobvomerezeka, ndi cikalata ca boma m'thumba, nacitabe nkhanza poombera nyama yothamanga, kapena ya patari, kapena kuli cisisira. Pamene lamulo lalekezera, cikumbu mtima ciyenera kuyambira pomwepo.

Pali mau enanso otsutsa amene ali olemera koposa awa. Munthu wosauka anganene kuti, "Mfuti imene ndiri nayo ndi yomweyi, ndipo ana anga ali ndi nkhuli. Makolo akale ankapha ndi mibvi ya ulembe, ndi mbuna, ndi mfuti za gogodera, ndipo nyama zinkafa pang'ono pang'ono. Kodi iwo anali oipa?" Iai, sanali oipa. Munthu amaweruzidwa monga mwa cimene ali naco ndi cimene adziwa. Koma nkoyenera kukumbukira m'mene akale aja ankacitira. Podziwa kufooka kwa zida zao, ankakwawa ndi mimba, kuyesa mphepo ndi phulusa kapena pfumbi, kufikira nyama iri pafupi ndithu. Ndipo akalasa ankalondola mapazi ngakhale dzuwa lilowe ndi kuturukanso. Umphawi wa cida unawaphunzitsa kudekha. Wosauka wa lero amene atsata nzeru imeneyi, nasiya mbawala ndi ngoma kuti zipite cifukwa mfuti yace ikwana kalulu ndi nkhanga zokha, alibe mlandu. Koma wochula umphawi kuti aombere ciri conse cimene caoneka, ameneyo sadyetsa ana ace konse, pakuti nyama yothawa ndi bala imadyedwa ndi afisi ndi miimba. Wataya cipolopolo, wataya ndiwo, ndipo waonjezapo ululu wopanda phindu kwa munthu ali yense.

Ena amati nyama ndi nyama basi, ndipo popeza idzafa ndithu, kafedwe kace kalibe kanthu. Koma munthu yemweyo pozinga mbuzi kumudzi amanola mpeni wace, ndipo akaona mwana ali kuthyola miyendo ya nkhuku mwa masewera amamdzudzula. Mtima wa munthu udziwa kale kuti kupha cifukwa ca cakudya ndi kuzunza ziri zinthu ziwiri. Kupha nkololedwa pakuti anthu ayenera kudya, ndiponso m'maiko monga Britain, kumene zirombo zodya deer zinatha kale, nyamazi zikacuruka zimaononga mitengo ndi minda, ndipo ziyenera kupungulidwa. Koma cilolezo cimeneci cidza ndi mangawa. Wotenga moyo wa nyama ali ndi ngongole ya imfa ya msanga, ndipo ululu uli wonse umene akadatha kuupewa ndi kuba koonjezera pa cimene analoledwa kutenga.

Mangawa amenewa sathera pa kulira kwa mfuti. Walira mvula walira matope. Mlenje woona amapenyetsa m'mene nyama yacitira polandira cipolopolo, naika cizindikiro pamene inaima, nadikira kanthawi asanasendere. Mwazi wofiira mowala, wa thobvu, unena za mapapo, ndipo nyama iri pafupi. Mwazi wakuda unena za ciwindi. Madzi obiriwira onunkha, ndi nyama yocoka itapinda msana, zinena za cifu ndi matumbo. Pamenepo kuthamangira nkuononga, pakuti nyama yotere ikasiyidwa imagona pafupi, koma ikadzidzimutsidwa imapita kutari osasiya mwazi. Alenje amaipatsa nthawi kuti ifooke, ndipo ku Ulaya ambiri amadza ndi garu wophunzitsidwa kulondola. Nchito imeneyi njotopetsa ndi yocititsa manyazi, pakuti munthu ayenda m'mapazi a kulakwa kwace komwe. Koma wobwerera kumudzi ndi kunena kuti anaphonya, cikhalireco anaona mwazi, wanamiza anzace ndipo wathawa ngongole yace. Anthu a m'cigwa ca Luangwa adziwa kuti njati yolasidwa ndi kusiyidwa imakapha munthu wina wosalakwa, mwina mai wopita kukatunga madzi. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Gwape sangabwezere cotero, koma kusowa kwace mphamvu sikucepetsa mlandu. Kungoubisa cabe.

Ku mapiri a Scotland kuli mwambo wothandiza kuuganizira. Mlendo wodzasaka red deer, ngakhale akhale wolemera kapena wochuka, asanakwere kuphiri amayamba wapita ndi wosunga nyama wa pamalopo kukaombera candamale, kuti zidziwike ngati mfuti iri kulunjika ndi ngati dzanja lace likhazikika. Kuphiriko wosunga nyamayo ndiye atsogola, ndiye asankha nyama, ndipo angathe kukwawa ndi mlendo maora ambiri m'matope, pomariza ndi kumletsa kuombera cifukwa nyama yaima moipa, kapena cifukwa kumbuyo kwace kulibe nthaka yogwira cipolopolo. Iwo abwerera cimanjamanja, koma palibe amene acita manyazi, popeza tsiku lotere liwerengedwa tsiku la uzimba wabwino.

Yankho la funso lija tsono lioneka. Nzoona kuti malo amene cipolopolo cagwera aposa kukula kwace. Koma cifukwa ca coonadi cimeneci, mwini mfuti yaing'ono ali ndi zomletsa zambiri koposa mnzace, osati zocepa. Ayenera kudziwa nyama zimene mfuti yace siikwana, ndi kuzileka. Pa zimene ikwana, ayenera kusendera pafupi, kutsamiza mfuti pa mtengo kapena pa culu, kudikira kufikira nyama itaima cete ndi kuonetsa nthiti, ndi kulinga pa cifuwa. Zimenezi zikapanda kukwanira, ayenera kutsitsa mfuti ndi kupenya ndiwo zace ziri kupita. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pamoto anthu amawerenga nyanga zimene mlenje wabwera nazo, pakuti ndizo zioneka. Koma muyeso weni weni wa mlenje uli m'zipolopolo zimene anabwera nazo m'thumba, pa masiku aja anaona nyama bwino lomwe, njala iri m'nyumba, popanda munthu wompenya, iye nakana kuombera.

Ambiri mwa anyamata amene aturuka m'sukulu sadzagwira mfuti moyo wao wonse. Koma adzagwira zinthu zina zimene kulakwa kwace kulipiridwa ndi ena: ciongolero ca galimoto, singano ya m'cipatala, colembera ca mu ofesi cimene cingataye mlandu wa munthu wosadziwa kuwerenga. Pa nchito zonsezi padzafika tsiku limene munthu adzaona kuti cida cace kapena nzeru yace yacepa, mtima uli kumnong'oneza kuti ayese mwai, popeza kukalakwika sadzamva ululu ndiye. Pa tsiku limenelo adzacita bwino kukumbukira nyama ija yosweka nsagwada, imene yaima m'mbali mwa mtsinje ndi ludzu, mlenje wace ali m'tulo.